Akakuuzani kuti "Tikutumizani ku Milange": zimene kafukufuku wa Dotolo Caetano Pereira anapeza

 Takumananso pa nthawi yathu ya zaumoyo. Ngati pakhomo panu pali mayi woyembekezera, muitaneni akhale pafupi ndi wailesi. Muitanenso mwamuna wake, apongozi ndi mwinimbumba, chifukwa nkhani ya lero ikukhudza onse amene amakhala ndi mawu tsiku la kuchira likafika.

Lero tikambirana za opaleshoni yobereketsa, imene kuchipatala amaitcha cesariana, ndipo kumudzi ena amati kubereka ndi mpeni. Namwino wa ku maternidade akanena kuti, "Apa pavuta, tikutumizani ku Milange," mitima ya abale imagunda. Ena amayamba kunong'onezana kuti m'zipatala za m'maboma amene amagwira mpeni kawirikawiri sakhala dokotala, amakhala tekiniko. Ndiye amafunsana: kodi tingapereke mwana wathu m'manja mwa munthu amene si dokotala? Pamene akukambirana choncho, nthawi ikupita.

Funso limeneli ndi loyenera, ndipo lili ndi yankho. Pali dokotala wa dziko lathu lino la Mozambique amene anathera zaka zambiri akulifufuza. Dzina lake ndi Caetano Pereira, katswiri wa za uchembere ndi matenda a amayi. Tiyeni timve zimene anapeza, kenako tione zimene ife a ku Mongue tiyenera kuchita.

Kodi matekiniko anachokera kuti?

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1975, madokotala ambiri achipwitikizi anabwerera kwawo. Amene anatsala anali pafupifupi 80 okha m'dziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo anali m'mizinda. Posakhalitsa kunabwera nkhondo ija imene akuluakulu a kuno mukuikumbukira bwino, imene inathamangitsira mabanja ambiri a ku Milange kutsidya kwa malire, ku Mulanje, mpaka mtendere unabwera mu 1992. M'zaka zimenezo, mayi wa kumudzi amene mwana wamupingasa m'mimba analibe kothawira.

Mu 1984 boma linayamba kuphunzitsa gulu latsopano la ogwira ntchito zachipatala, lotchedwa técnicos de cirurgia, ndiwo matekiniko a opaleshoni. Mmodzi mwa amene anatsogolera maphunzirowa anali Dotolo Fernando Vaz, katswiri wa opaleshoni. Ankasankha anthu amene anali atagwira kale ntchito ndi odwala m'zipatala, n'kuwaphunzitsa zaka zina zitatu: zaka ziwiri ku Maputo ndi chaka chimodzi akugwira ntchito moyang'aniridwa ndi akatswiri. Akamaliza ankatumizidwa kumaboma kukachita maopaleshoni a mwadzidzidzi.

Si onse amene anagwirizana nazo. Madokotala ena, m'dziko muno ndi kunja komwe, ankati kupereka mpeni kwa munthu amene sanaphunzire udokotala wonse n'kuseweretsa miyoyo ya anthu osauka. Ena ankati palibenso njira ina. Mbali zonse zinkalankhula mwamphamvu, koma panalibe amene anali ndi umboni.

Kuwerenga m'malo mokangana

Inu alimi mukudziwa mmene mumayesera mbewu. Wina akakuuzani kuti nandolo uyu amabereka kuposa uyo, simungokhulupirira zokamba za pamsika. Mumabzala zonse ziwiri panthaka imodzi, mvula imodzi, ndipo pokolola mumawerenga matumba. Kafukufuku wa zaumoyo amayenda chimodzimodzi.

Izi n'zimene anachita a Pereira pamodzi ndi anzawo, kuphatikizapo a Vaz ndi pulofesa wa ku Sweden, a Staffan Bergström. Pachipatala chachikulu cha Maputo anatsatira amayi 2,071 amene anachitidwa cesariana. Mwa amayiwa, 958 anachitidwa ndi matekiniko ndipo 1,113 anachitidwa ndi madokotala akatswiri a za uchembere. Mayi aliyense ankalembedwa: vuto limene anabwera nalo, mmene opaleshoni inayendera, ndi mmene anachirira.

Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1996 m'magazini ya madokotala a za uchembere ya ku Britain. Pa mavuto aakulu amene amatha kutsatira opaleshoni, sanapeze kusiyana kodetsa nkhawa pakati pa magulu awiriwa. Anapeza kusiyana kumodzi, ndipo sanakubise: kutseguka kwa khungu la pamwamba pa bala kunkachitika kochulukirapo pang'ono mwa amayi amene anachitidwa ndi matekiniko. Sungani mfundo imeneyi, tibwereranso kwa iyo pokamba za kusamala bala.

Amene amakhala nafe ndani?

Kudziwa ntchito n'kwina, kupezeka n'kwinanso. Choncho a Pereira anafunsa funso lachiwiri: m'dziko lonse, amene akuchitadi maopaleshoni a amayi ndani, ndipo amene amakhazikika kumaboma ndani?

Anasonkhanitsa mabuku a m'zipinda za opaleshoni a chaka cha 2002 m'zipatala za boma, ndipo anawerenga maopaleshoni aakulu a uchembere 12,178. Ena anali a cesariana, ena ochotsa chiberekero chimene chawonongeka pobereka, ena a mimba yokhala kunja kwa chiberekero. Pa maopaleshoni 100 alionse m'dziko lonse, 57 anachitidwa ndi matekiniko. Koma m'zipatala za m'maboma, kutali ndi mizinda, matekiniko anachita 92 pa 100 alionse.

Kenako anatsatira anthu amene anamaliza maphunziro awo n'kutumizidwa kumaboma, kuti aone kumene anali patapita zaka 7. Mwa matekiniko, 88 pa 100 alionse anali akadali m'zipatala za m'maboma. Mwa madokotala amene anawatsatira, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsala. Izi zinasindikizidwa mu 2007. Chaka chomwecho, kafukufuku wina amene a Pereira anachita ndi a Margaret Kruk ndi anzawo anawerengera ndalama zophunzitsira ndi zolipirira anthuwa. Opaleshoni imodzi yochitidwa ndi tekiniko inkadyera dziko pafupifupi madola 39 a ku America, pamene yochitidwa ndi dokotala katswiri inkadya madola 144.

Sitikunyoza madokotala, ayi. Ndiwo amaphunzitsa matekiniko, amawayang'anira, ndipo amalandira odwala amene matenda awo apitirira, ku Mocuba kapena ku Quelimane. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Usiku wa mvula, mayi akamataya magazi, amene angamupulumutse ndi amene ali pafupi ndipo anaphunzira ntchitoyo.

Kutsidya kwa malire ndi kutali

Kafukufukuyu sanathere ku Mozambique. Kwa anansi athu ku Malawi kulinso ogwira ntchito ofanana ndi matekiniko, amene kumeneko amawatcha makiliniko ofesala. Dotolo Garvey Chilopora wa ku Malawi, pamodzi ndi a Pereira, a Bergström ndi ena, anatsatira maopaleshoni a uchembere 2,131 m'zipatala 38 kwa miyezi itatu. Makiliniko ofesala anachita 90 pa ma cesariana 100 alionse, ndipo amayi awo anachira pafupifupi mofanana ndi amene anachitidwa ndi madokotala. Izinso zinatuluka mu 2007. A Pereira anakafufuzanso nkhani yomweyi ku Tanzania, ndipo mu 2010 analandira digiri yapamwamba ya ukachenjede ku Karolinska Institutet mumzinda wa Stockholm chifukwa cha ntchito imeneyi.

Mu 2012 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a kagawidwe ka ntchito zosamalira amayi ndi makanda. M'malangizowo linavomereza kuti anthu ophunzitsidwa motere angathe kuchita cesariana, bola ntchito yawo iziyang'aniridwa ndi kuunikidwa. Chinthu chimene poyamba ena ankachiona ngati njira ya dziko losauka lopanda pogwira, chinakhala chitsanzo chimene mayiko ena amaphunzirapo.

Anthu ophunzira amayeza kukula kwa wofufuza poona kuti ndi anzake angati amene atchula zolemba zake m'zolemba zawo. Ife kuno muyezo wathu ndi wina: mayi amene anachoka pamudzi atanyamulidwa, wabwera akuyenda yekha, khanda lili kumsana?

Chimene mpeni sungathe kukonza

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pakhomo panu. Dzanja la tekiniko, ngakhale la dokotala wamkulu wa ku Maputo, silingadzutse mwana amene wafera m'mimba panjira. Opaleshoni imapulumutsa amene wafika nthawi ikadalipo. Ofufuza ena awiri, a Sereen Thaddeus ndi a Deborah Maine, anafotokoza mu 1994 kuti amayi ambiri amamwalira chifukwa cha kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Kuchedwa kwachitatu ndi kumene matekiniko anabwera kudzachepetsa. Koyamba ndi kachiwiri kuli m'manja mwathu.

Mvetsani chimene chimachitika m'thupi. Nthawi zina mutu wa mwana umakula kuposa njira ya m'chiuno mwa mayi, makamaka mwa atsikana amene atenga mimba thupi lisanakhwime. Nthawi zina mwana amagona chopingasa, kapena nsengwa imakhala kutsogolo n'kutseka khomo la chiberekero. Zikatero, mayi angakankhe motani, mwana sangatuluke. Chiberekero chimapitiriza kufinya, mwana amasowa mpweya, ndipo mapeto ake chiberekero chimatha kung'ambika. Mayi akapulumuka, mutu wa mwana umakhala utapanikiza chikhodzodzo pa fupa kwa nthawi yaitali, mnofu wa pamenepo umafa, ndipo pamabooka. Amenewo ndiwo matenda a fistula, amene mayi amangotuluka mkodzo osalekeza.

Agogo ndi anamkungwi, tikulankhula nanu mwaulemu wonse, chifukwa ndinu amene mumakhala pambali pa mayi matenda akayamba. Kuchedwa kubereka si chizindikiro chakuti mkazi kapena mwamuna anayenda njira zachibwana. Nthawi imene mumathera mukumufunsa mayi kuti aulule, ndi nthawi imene mwana akutha mphamvu. Ngati pali mlandu wa m'banja, ankhoswe adzaukamba mayi ndi mwana ali moyo. Chimodzimodzi mankhwala ofulumizitsa kubereka monga mwanamphepo. Amachititsa chiberekero kufinya mwamphamvu kwambiri, ndipo ngati njira ndi yotsekeka, mphamvu imeneyo imang'amba chiberekero chomwecho. Ngati mayi wamwa kale mankhwala otere, musabise. Uzani namwino, sadzakukalipirani pofuna kukuchititsani manyazi, akufuna adziwe chimene akulimbana nacho.

Zizindikiro zosadikira kuti kuche

Mukaona chimodzi mwa izi, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, kaya kukugwa mvula:

Kutaya magazi, kaya mayi akadali woyembekezera kapena atachira. Kutaya magazi kwambiri atachira kumatha kupha mayi m'maola awiri okha.

Matenda a kubereka opitirira maola 12, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mwana osabadwa.

Dzanja, phazi kapena mchombo kutsogola kutuluka.

Mutu kupweteka kwambiri, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kapena kukomoka n'kumaphupha ngati wa khunyu.

Nsupa kusweka koma matenda osayamba, kapena madzi otuluka kukhala obiriwira kapena onunkha.

Mwana kusiya kugunda m'mimba.

Kutentha thupi, mayi ali woyembekezera kapena m'masiku otsatira kuchira.

Kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena m'miyezi yoyambirira, pamodzi ndi chizungulire. Imeneyi ingakhale mimba yokhala kunja kwa chiberekero, ndipo imafuna opaleshoni mwamsanga.

Konzekani mimba ikadali yaing'ono

Amayi, yambani sikelo mukangozindikira kuti mwaima, isanathe miyezi itatu yoyamba. WHO imalangiza kuti mayi aonedwe maulendo 8 pa mimba imodzi. Kusikelo ndi kumene amayeza kuthamanga kwa magazi, amaona mmene mwana wagonera, amakupatsani mankhwala oonjezera magazi ndi oteteza ku malungo. Ficha yanu ya kusikelo muziyenda nayo kulikonse. Ena mwa inu muli ndi abale kutsidya ndipo mumakathandizidwa ku Malawi. Kumenekonso nyamulani ficha, kuti amene akulandirani asayambire pachiyambi.

Namwino akakuuzani kuti mukadikirire pafupi ndi chipatala, ku casa de espera, pitani mwezi wanu usanakwane. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene mimba ndi yoyamba ndipo ndi achichepere, amene anachitidwapo opaleshoni, amene akuyembekezera mapasa, amene anabereka kale kambirimbiri, ndi amene mwana wagona molakwika. Mukudziwa mmene misewu yathu imakhalira kuyambira Disembala mpaka Malichi. Mtsinje umene mumawoloka ndi mapazi m'chilimwe umatha kukutsekerezani m'dzinja.

Abambo, gawo lanu ndi lalikulu. Mukagulitsa chimanga kapena nandolo, patulani ndalama ya ulendo ndipo musaikhudze. Gwirizanani pasadakhale ndi wa njinga yamoto kapena wa galimoto, sungani nambala yake, ndipo foni ikhale ndi moto. Dziwani abale awiri kapena atatu athanzi amene angapereke magazi ngati atafunika. Khalani pansi ndi apongozi ndi mwinimbumba mimba isanakule, mugwirizane mawu amodzi akuti: vuto likaoneka, amene ali pafupi anyamuke ndi mayi osadikira chilolezo cha wina. Ngati mumachoka kukagwira ntchito kutali, siyani mawu amenewa musananyamuke. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma msonkhano wake uchitike lero, osati tsiku limene mayi akubuula.

Mafumu athu, thandizani midzi yanu kukhala ndi thumba la ndalama zobwereka pa ulendo wa mwadzidzidzi, ndiponso anyamata odziwika amene angadzutsidwe usiku kukanyamula wodwala mpaka pamsewu.

Opaleshoni ikachitika

Mayi amene wabereka mwa opaleshoni si waulesi ndipo sanalephere uchembere. Wadutsa pa ngozi yaikulu, ndipo ayenera kulandiridwa ndi nthungululu monga mnzake aliyense. Angathe kuyamwitsa, ndipo mwana ayambe kuyamwa mwamsanga mayi akangotha kumugwira. Mkaka woyamba wachikasu uja musautaye, ndiwo chitetezo choyamba cha khanda. Mwana afunditsidwe ndipo agone pachifuwa pa amayi ake, khungu kukhudza khungu. Akakana kuyamwa, akamapuma movutika, akatentha kapena kuzizira thupi, kapena pamchombo pakatuluka mafinya, bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano tibwerere ku bala lija. Kafukufuku anaonetsa kuti vuto la bala limatha kuchitika, ndiye tiziliyang'anira. Bala likhale loyera ndi louma. Musapakepo phulusa, mafuta kapena mankhwala a zitsamba. Likafiira, likatupa, likatuluka madzi kapena mafinya, likatseguka, kapena mayi akatentha thupi, pitani kuchipatala osazengereza. Vuto la bala likaoneka msanga limachizika. Pitaninso tsiku limene anakuuzani kuti akaone bala, ngakhale mukumva bwino. Kwa milungu 6 mayi asatunge madzi, asasinje, asalime ndipo asasenze nkhuni. Apa ndi pamene apongozi ndi azilamu amaonetsera chikondi chawo.

Chiberekero chimene chasokedwa chimafuna nthawi kuti chilimbe. Dikirani zaka ziwiri musanatenge mimba ina, ndipo kambiranani ndi namwino za njira yolera musanatuluke m'chipatala. Abambo, nkhani imeneyi ndi yanunso. Mimba yotsatira ikadzabwera, mayi akanene kusikelo kuti anachitidwapo opaleshoni, ndipo akachirire pachipatala chimene chili ndi chipinda cha opaleshoni, osati kunyumba. Amayi ambiri amene anachitidwa cesariana amaberekanso ana ena bwinobwino, ena mwa iwo m'njira ya masiku onse, koma zimenezo aziona ndi achipatala.

Muli ndi ufulu wofunsa

Kukhulupirira achipatala sikutanthauza kukhala chete. Muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene akufunira kuchita opaleshoni, dzina la amene achite, ndi zimene muyenera kuyembekezera pambuyo pake. Safunsa anadya phula. Ngati simumva Chipwitikizi, pemphani kuti wina akumasulireni m'chinenero chanu. Ngati simunalandiridwe bwino, kanene kwa a komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu kapena kwa mkulu wa chipatala. A Pereira ndi anzawo anatha kuwerenga chifukwa zinthu zinkalembedwa, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo ntchito ya chipatala imakonzeka anthu akamanena zimene aona.

Omvera athu, funso lija lakuti "akandipanga ndani?" linafufuzidwa ndi mwana wa dziko lino, pa amayi zikwizikwi a ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Tanzania, ndipo yankho lake ndi lakuti tekiniko wophunzitsidwa bwino amaidziwa ntchito yake. Funso limene latsala ndi la pakhomo panu: vuto likadzaoneka, mudzanyamuka nthawi yanji, pa chiyani, ndipo ndi ndani? Likambiraneni madzulo ano pa chakudya. Amene mwamva, kauzeni anzanu kuchitsime, kutchalitchi, kumzikiti ndi kumsika. Ngati muli ndi mafunso, kafunseni namwino wa ku maternidade kapena APE wa m'mudzi mwanu.

 Tidzakumananso sabata yamawa pa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.